Nyama ya ng'ombe yokazinga ndi masamba mwachangu, ija amati stir-fry

Pali masiku ena umafika pakhomo cha m'ma 6 koloko madzulo, miyendo italema ndi kuimirira pa siteji kudikira minibasi, ana akukuchingamira ndi funso lomwe lija loti lero tidya chani, ndipo mufiriji muli kanyama ka hafu kilo basi. Kale pa tsiku ngati limeneli ndinkangotenga nyama ija n'kuiponya mupoto ndi madzi kuti iwire, ola lathunthu mwinanso kuposa poti ng'ombe zathu zakuno nyama yake imakhala yolimba, kenako anyezi, tomato, msuzi, timakhala pansi kudya 9 koloko wamng'ono atagona kale pampando osadya. Zimenezo zinkandipweteka mtima. Masiku ano ndimaphika ija amati stir-fry, nyama yodula mopyapyala yokazinga pamodzi ndi masamba pamoto waukali, ndipo kuyambira pomwe ndagwira mpeni mpaka mbale zili patebulo sizipitirira mphindi 40, ndipo zambiri mwa mphindi zimenezo ndi zodula zinthu ndi kudikira mpunga. Pamoto penipeni ndi mphindi ngati 10.

Kaphikidwe kameneka kwawo ndi ku China, kumeneko ndiye amakazinga chonchi tsiku ndi tsiku m'chiwaya chawo chozungulira kunsi chija amati wok, moto uli lawilawi, dzanja osapuma kutakasa. Anthu a ku Guangdong ndi Hong Kong mpaka ali ndi dzina la kafungo ka utsi kamene chakudya chimatenga chikakazingidwa bwino pamoto wotere, amati wok hei. Ambirife wok tilibe, koma tayang'anani chiwaya cha anyamata a chipsi pamsika, chitsulo chopyapyala, chotambalala, pakati polowa, chotentha msanga, muona kuti ndi zapachibale. Ndiye musaganize kuti ndi chakudya cha kuhotela ayi. Felempani yanu yaikulu ija ikwanira, bola ikhale yotambalala osati kapoto kakuya.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwire musanapitirire ndi ichi, ntchito yonse imachitika moto usanayatsidwe. Ife tinazolowera kuti nyama ili pamoto ndi pomwe tikusenda anyezi, tikutuma mwana kukagula tomato, tikusesa kukhitchini, poti nyama yowiritsa imadikira. Iyi sidikira. Chiwaya chikangotentha mulibenso mpata wofunafuna mpeni kapena kutsekula botolo, mukangotembenuka adyo wapserera ndipo chakudya chonse chiwawa. Ndiye chilichonse chikhale chodula kale, m'timbale take, pafupi ndi dzanja lanu.

Tiyambe ndi nyama. Kwa banja la anthu 5 kapena 6, magalamu 500 akwana ndithu, sinanga masamba ndi ambiri, ndipo apa ndi pomwe ndimakakondera kaphikidwe aka, hafu kilo yomwe mukanaiwiritsa aliyense akanapata nthuli ziwiri basi, ikadulidwa mopyapyala imafalikira mbale yonse ndipo palibe mwana amene amayang'ana mbale ya mnzake. Ku butchala musangonena kuti ndipatseni nyama, akupatsani yosakaniza ndi mafupa ija yomenya ndi chikwanje, imeneyo ndi ya msuzi wa Lamlungu. Nenani kuti mukufuna ya minofu yokhayokha, steki, yopanda fupa. Fillet ndiye yofewa kuposa zonse koma mtengo wake ndi wina, rump ndi sirloin ndi zabwino zedi, topside nayo imatheka bola muidule bwino ndi kuifewetsa mmene ndifotokozeremu. Ya m'miyendo, ya m'khosi ndi ya pachifuwa ayi, zimenezo zili ndi mitsempha yambiri yomwe imafewa pokhapokha yawira nthawi yaitali, pa mphindi ziwiri za m'chiwaya mungotafuna mpaka nsagwada kuwawa.

Kudula kwake ndiye pagona nkhani. Ikani nyama pa thabwa muiyang'anitsitse, muona kuti ili ndi mizere ngati ulusi yolowera mbali imodzi. Mpeni wanu uzidula mopingasa mizere imeneyo osati motsatira. Mukadula motsatira ndiye kuti ulusi uja watsala wautali ndipo mano anu ndi amene akagwire ntchito youdula, koma mukapingasa mpeni wagwira kale ntchito ija. Kachidutswa kalikonse kakhale kopyapyala, mamilimita ngati 3, kutalika ngati chala chanu chaching'ono. Nyama yaiwisi imaterereka pansi pa mpeni, ndiye ngati muli ndi firiji iikeni kaye mufiriza mphindi 20 kapena 30, isaume gwaa ayi, ingolimbako pang'ono, mudzaona mmene imadulikira bwino. Ine nthawi zambiri ndimadula m'mawa ndisanapite kuntchito kapena usiku wa dzulo lake n'kuisiya mufiriji m'kontena yovindikira. Nolani mpeni abale, mpeni wobuntha ndi umene umacheka anthu zala chifukwa umafuna mphamvu. Timafuta toyera ndi kachikopa konyezimira kaja muchotse.

Ndipo mukatha kudula musaitsukenso. Ndikudziwa tinakula tikutsuka nyama, ngati mukufuna kutsuka tsukani idakali yathunthu kenako muipukute mpaka iume, chifukwa madzi ndi mdani wamkulu wa chakudya ichi, ndifotokoza kutsogoloku. Thabwa ndi mpeni zimene zakhudza nyama yaiwisi muzitsuke ndi sopo musanadulirepo masamba, manjanso chimodzimodzi.

Tsopano kufewetsa. Soda yemwe uja timathira mu therere ndi amenenso ophika a ku China amafewetsera nyama ya ng'ombe, ndi chifukwa chake nyama ya m'malesitilanti awo imakhala yofewa chonchija mpaka anthu amadabwa kuti ndi nyama yanji. Soda amachititsa kuti minofu isakhwinyate kwambiri ikakumana ndi moto, madzi ake amatsalira mkati. Koma muyezo, chonde. Pa magalamu 500 thirani theka la supuni ya tiyi basi, osapitirira, mukachulutsa nyama imamveka ngati sopo ndipo imaterera moipa mkamwa. Onjezerani supuni yaikulu imodzi ya soy sauce, msuzi wakuda wa mchere wa m'botolo wopangidwa ndi soya, masupuni aakulu awiri a madzi, masupuni a tiyi awiri a cornflour, ufa wosalala wa chimanga umene si wa nsima, ndiufotokoza kutsogoloku, sakanizani ndi dzanja mpaka madzi onse alowe mu nyama, kenako supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira pamwamba kuti tizidutswa tisamatirirane m'chiwaya. Isiyeni mphindi 15 mpaka 20. Ngati mwagula fillet soda safunika. Ena amafewetsa ndi papaya wosapsa, zimagwiradi ntchito, koma pa nyama yopyapyala chonchi papaya amafulumira kwambiri nyama n'kusanduka ngati phala, ine ndinasiya.

Nyama ikukhala pamenepo, ikani mpunga pamoto. Kuphika mpunga mumadziwa kale. Ine ndimakonda Kilombero wa ku Karonga uja chifukwa cha fungo lake, amagwirizana kwambiri ndi msuzi uwu. Chachikulu ndi chakuti mpunga upse kaye, ukhale pambali wovindikira, ndiye muyambe kukazinga. Mpunga ukhoza kudikira nyama koma nyama siyingadikire mpunga.

Masamba palibe lamulo, chimene mwapeza pamsika. Ine pa hafu kilo ya nyama ndimaika anyezi wamkulu mmodzi, makaroti awiri, girini pepa mmodzi kapena awiri, zitheba zodzaza manja awiri, ndi kota ya kabichi kapena mpukutu umodzi wa chainizi, amene dzina lake lomwe likunena kwawo, m'chiwaya chotere amakoma kuposa mmene timamuphikira ndi tomato mpaka kufota. Nthawi ya dzinja bowa ndi wabwino kwambiri, koma wogula kwa anthu omudziwa bwino, ndipo bowa wa m'tchire ameneyo mumuphike kaye payekha apse bwinobwino musanamuphatikize. Repu ndi mpiru zimathekanso ngakhale mpiru amawawirako. Broccoli ngati mwamupeza musupamaketi, koma musavutike naye. Tomato yekha ndiye ndimakana, amatulutsa madzi ambiri ndipo chakudya chimabwerera kukhala ndiwo za masiku onse.

Podula muziganiza kuti ichi chimapsa mwachangu bwanji. Karoti ndi wolimba ndiye adulidwe mopyapyala, timizere ngati machesi okulirapo kapena mozungulira mopendekeka. Zitheba muchotse nsonga n'kudula pawiri kapena patatu. Girini pepa ndi anyezi zikhale zokulirapo, anyezi musamudule tating'onoting'ono ngati wa mu msuzi chifukwa apserera, mumudule m'litali. Kabichi m'mizere yonenepa ngati chala. Chainizi mulekanitse timitengo take toyera ndi masamba obiriwira, timitengo timalowa msanga masamba amalowa komaliza. Zolimba m'mbale imodzi, zofewa m'mbale ina. Adyo timano 4 ndi jinja wotalika ngati chala chachikulu, musende, mudule tating'ono kapena musinje pang'ono, mbale yakeyake.

Pa kutsuka masamba ndinenepo pang'ono chifukwa awa sakhalitsa pamoto ngati mmene timachitira masiku onse. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 mmene anatipwetekera. Tsukani ndi madzi amene mukuwakhulupirira, a pampopi kapena othira kulorini, tsamba lililonse palokha maka chainizi amene amasunga dothi kutsinde, kenako muwayanike pa lichero kapena muwapukute ndi kansalu koyera aume. Masamba onyowa akalowa m'mafuta otentha amathovola mafuta kumaso komanso amaziziritsa chiwaya.

Msuzi wake mumasakaniziratu m'kapu. Masupuni aakulu atatu a soy sauce, supuni yaikulu imodzi ya oyster sauce ngati muli naye, supuni ya tiyi imodzi ya shuga, supuni yaikulu imodzi ya viniga kapena madzi a ndimu, theka la kapu ya madzi ozizira, ndi supuni yaikulu imodzi ya cornflour. Madzi akhale ozizira ndithu, cornflour m'madzi otentha amapanga mibulu. Soy sauce amapezeka m'masupamaketi a mutauni komanso m'mashopu a anthu a ku China, botolo limodzi limakhala nthawi yaitali, ndipo muyang'ane polemba, pali light ndi dark, wa light ndiye wa mchere ndi kukoma, wa dark ndi wakuda bii ndipo ntchito yake makamaka ndi kupereka mtundu, ngati mukugula limodzi gulani light. Mchere musathire mpaka mutalawa kumapeto, soy sauce ali ndi mchere wambiri kale, ndipo ngati m'nyumba muli wodwala BP chepetsani, masupuni awiri akwana, mubwezere ndi jinja ndi ndimu. Oyster sauce amapangidwa kuchokera ku nkhono za m'nyanja, ndiye ngati muli ndi alendo a Seventh Day kapena wina amene zinthu zimenezi zimamuwenga, musiyeni, chakudya chikomabe.

Cornflour ameneyu si ufa woyera wa nsima ayi, ambiri amasokoneza. Inde onse ndi a chimanga, koma cornflour ndi wosalala ngati paudala ndipo akapsa msuzi umagwirana n'kumanyezimira, pomwe ufa wa nsima ungakupatseni phala. Mukamusowa ufa wa chinangwa wosefa bwino umayeserako. Mukasowa soy sauce, sungunulani kyubu yokometsera msuzi wa nyama m'madzi a m'kapu aja, kukoma kwake sikukhala komweko koma mudya bwino.

Tsopano moto. Apa ndi pamene mbaula yathu imapambana. Makala akayaka bwino onse ali psuu amapereka moto woposa wa hotipuleti, ndiye tsiku loti magetsi athima si vuto, ine ndimaona kuti ya pambaula ndiye imakoma kwambiri. Koma mbaula ikhale panja kapena pakhonde popita mphepo, utsi wa makala m'nyumba yotseka umapha anthu mwakachetechete. Gasi nayenso ndi wabwino, tsekulani mpaka pamapeto. Hotipuleti ndi imene imavuta chifukwa ikazizira imachedwa kubwerera, ndiye iyatseni pa nambala yomaliza, felempani ikhale pamenepo yopanda kanthu mphindi zingapo mpaka mukadonthezera madzi azithawa nthawi yomweyo, ndipo muzikazinga pang'onopang'ono. Ngati felempani yanu ndi ija yosamatirira zakudya amati non-stick musaitenthetse yopanda kanthu chonchi, imawonongeka, thirani mafuta kaye ndipo moto ukhale wochepako. Mafuta akhale wamba ophikira aja, a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza. Majarini ndi batala ayi, zimapserera msanga. Tsekulani mawindo, ana atalikire, chivindikiro chikhale pafupi, mafuta akagwira moto muvindikire, musathire madzi ngakhale pang'ono.

Chiwaya chatentha, thirani masupuni aakulu awiri a mafuta, chipendeketseni mafuta afike paliponse, akangoyamba kuonetsa kautsi ikani theka la nyama. Theka, osati yonse. Iyaleni kachidutswa kalikonse kakhudze chitsulo, ndiye muisiye osaigwira masekondi 30 mpaka 40, ndikudziwa dzanja limayabwa kufuna kutakasa koma pirirani, pansi pake pafiire kaye. Kenako tembenuzani, takasani mwachangu masekondi ena 30 kapena miniti imodzi, ndipo idakali ndi kofiirira pang'ono mkati muichotse muike m'mbale yoyera, osati ija munali nyama yaiwisi. Idzamalizika kupsa ikabwerera. Dikirani chiwaya chitenthenso, timafuta pang'ono, theka lotsala lija chimodzimodzi.

Chifukwa chake ndi ichi. Madzi sangatenthe kupitirira madigiri 100, pomwe nyama kuti ifiire n'kutulutsa fungo la kanyenya lija imafuna kutentha kwa madigiri 140 kupita m'mwamba. Mukakhuthulira nyama yonse nthawi imodzi chiwaya chimazizira, nyama imatulutsa madzi, madziwo alibe pothawira, ndiye m'malo mokazinga mwayamba kuwiritsa. Ulendo wanga woyamba zinandichitikira zimenezi, ndinakhuthula hafu kilo yonse m'kafelempani kakang'ono pa hotipuleti, phokoso lija linangoti zii, madzi anadzaza, nyama inatuwa mbuu, ndipo podikira kuti madzi aphwe inalimba ngati chikopa. Ndinakhumudwa kwambiri chifukwa inali nyama yabwino ndipo ndalama yake ndinaivutikira. Kuyambira pamenepo khutu ndi limene limandiuza, nyama ikamalira mwaukali m'chiwaya zili bwino, ikangoyamba kubwata mofatsa ndiye kuti mwachulutsa kapena moto wachepa. Zikakuchitikirani musadikire, chotsani nyama pompo, madziwo muwakhuthulire m'kapu ya msuzi ija asatayike, chiwaya chitenthenso, mubweze nyama pang'onopang'ono.

Nyama yonse ili pambali, ngati pansi pa chiwaya pali zakuda zopserera pukutani msanga, koma ngati ndi zofiirira zisiyeni, kukoma kuli pamenepo. Supuni ina ya mafuta, ndiye zolimba zija, karoti ndi zitheba, takasani mphindi 2 kapena 3. Zitheba zimafuna kupsa ndithu osati zaziwisi, ndiye ine ndimathira masupuni awiri a madzi m'mbali mwa chiwaya n'kuvindikira miniti imodzi, nthunzi imamaliza ntchito, kenako ndimavundukula madzi aphwe. Ngati zitheba ndi zokhwima bola kuziviika kaye m'madzi owira mphindi ziwiri musanayambe zonsezi. Kenako anyezi, girini pepa ndi timitengo ta chainizi, miniti imodzi. Tsopano kankhirani zonse m'mbali, pakati patsale malo, dontho la mafuta, adyo ndi jinja, masekondi 20 basi mpaka fungo likufikeni, ndiye musakanize ndi zinazo. Anthu ambiri amayamba ndi adyo m'mafuta oyaka chiwaya chilibe kanthu, pamoto wotere amada musanaphethire ndipo kuwawa kwake sikuchokanso, ndi chifukwa chake ine ndimamulowetsa pakati. Komaliza kabichi kapena masamba a chainizi, miniti imodzi kapena iwiri, angofota pang'ono mtundu ukadali biriwiri.

Bwezani nyama pamodzi ndi timadzi take tonse ta m'mbale. Takasani msuzi wa m'kapu uja kaye chifukwa cornflour amakhala atakhazikika pansi, ndiye muuthire mozungulira m'mbali mwa chiwaya. Poyamba uoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, musade nkhawa, takasani, ukangowira masekondi 30 mpaka miniti imodzi usintha, uda, uyamba kunyezimira ndi kumatirira ku nyama ndi masamba, ndipo nyama ija yapsa yonse tsopano. Pamenepo phulani. Lawani, mwina kamchere, mwina kadontho ka ndimu. Ukagwirana kwambiri thirani timadzi totentha. Ndipo musachisiye m'chiwaya chotentha mukukonza tebulo, masamba amapitiriza kupsa n'kufota, khuthulirani m'mbale yaikulu nthawi yomweyo, anthu akhale atasamba kale m'manja.

Za tsabola, kwathu kuno ana aang'ono sadya, ndiye sindithira m'chiwaya. Kambuzi ndimamudula payekha m'kambale ndi timadzi ta ndimu ndi soy sauce pang'ono, kapena botolo la Nali limakhala patebulo, aliyense adzithirire. Ngati nonse ndi akuluakulu kambuzi mmodzi alowe nthawi imodzi ndi adyo, fungo lake ndi jinja zimagwirizana modabwitsa.

Ndi nsima zimatheka? Eya, zimatheka, bambo a kunyumba kuno tsiku lopanda nsima amati sanadye, ndiye ndimawaphikira kamtanda kawo. Chongofunika ndi kuwonjezera msuzi, m'malo mwa theka la kapu ya madzi ikani kapu yathunthu ndi cornflour wowonjezerako pang'ono, komanso masamba muwadule aafupi kuti azitoleka ndi mbamu. Spaghetti nayenso amalowa bwino, mumuwiritse asafewe kwambiri, mumukhetse madzi, ndiye mumuponye m'chiwaya momwemo pa nthawi yothira msuzi, ana amakonda kwambiri imeneyi. Koma pamenepo chiwaya chikhale chachikulu, apo ayi gawani kawiri.

Mudzakumana ndi mawu akuti masamba sanapse, maka kwa akuluakulu. Apongozi anga atabwera kudzacheza analawa karoti n'kunena mwaulemu kuti mwina moto unathawa, ndipo ndinawamvetsa, iwo moyo wawo wonse masamba opsa ndi ofewa, komanso mano si a kale. Ndiye akakhalapo ndimapatula gawo lawo n'kulisiya m'chiwaya ndi timadzi pang'ono, chovindikira, mphindi zitatu zina, amadya mokondwa. Enafe timadya okukutika pang'ono, ndipo ndaona kuti ana amene kabichi wophika mpaka kufota amamukankhira m'mbali mwa mbale, uyu amamaliza okha osawakakamiza.

Mukazolowera mukhoza kusintha nyama, chidale cha nkhuku chimadulidwa chimodzimodzi koma nkhuku ipse yonse mkati, pasatsale pofiira. Nyama ya nkhumba ya minofu nayonso. Masoya pisi aviikeni m'madzi otentha, muwafinye mpaka aume, muwakazinge afiire, zina zonse mofanana koma opanda soda. Ngati alendo achuluka musachulukitse zinthu m'chiwaya chimodzi, phikani kawiri, ulendo uliwonse ndi mphindi zochepa zomwe zija.

Zotsala zizizire msanga zilowe mufiriji pasanathe maola awiri, ndipo mudye mawa lake. Mpunga ndiye muusamale kwambiri, ukagona pamalo otentha usiku wonse umabala tizilombo timene poizoni wake sathera ngakhale muutenthetsenso, ndiye uyaleni m'mbale yotambalala uzizire mwachangu kenako mufiriji. Ngati mulibe firiji phikani wokwanira kudya lero basi. Mpunga wogona mufiriji ndi umene umakazingika bwino m'mawa, mafuta pang'ono m'chiwaya chotentha, dzira limodzi kapena awiri, mpunga, zotsala za dzulo zija pamwamba, zitenthe mpaka nthunzi itoloke paliponse, ana atengere kusukulu.

Chiwaya ngati ndi cha chitsulo chakuda musachiviike m'madzi usiku wonse, chichita dzimbiri. Chikadali chofunda chitsukeni ndi madzi otentha, chibwezeni pamoto umene watsala uja chiume, mupake timafuta pang'ono ndi kansalu n'kuchipachika. Mukamatero chimanka chida ndi kusalala, ndipo pakapita miyezi ingapo nyama imasiya kumatirira.